Kubwereza Maphunziro a Kanema ndi Kafalitsidwe ka Nkhani M'makomboni a Lusaka

1. Mawu otsogolera

Msewu wa Alick Nkhata umadutsa m'mphepete mwa komboni ya Kalingalinga mumzinda wa Lusaka. Pa msewu womwewo pali Mass Media Complex, likulu la wailesi ndi kanema wa ZNBC, ndipo chakumpoto kwa komboniyi kuli University of Zambia, kumene amaphunzitsa utolankhani ndi kafalitsidwe ka nkhani. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kalingalinga angathe kufika ku malo awiri onsewa wapansi. Koma akatsegula buku lokonzekera mayeso a phunziroli amapeza kuti zitsanzo zake n'za ku London ndi ku Hollywood, ndipo amayamba kukhulupirira kuti kuzukuta filimu ndi nzeru ya eni ake akutali. Chotsatira chake n'chodziwika kwa aliyense amene adachongapo mapepala a mayeso. Wophunzira amaloweza mayina a akatswiri ndi zaka zawo monga momwe amalowezera mayina a mitsinje, ndipo akapatsidwa kachigawo ka filimu kuti akazukute amangofotokozanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi, n'kupachika dzina la Barthes kapena la Hall kumapeto ngati chipewa chobwereka.

Amene tikuwaganizira pano ndi a magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ophunzira a ku University of Zambia, Evelyn Hone College ndi ZAMCOM, amene amayesedwa pa ziphunzitso za kafalitsidwe ka nkhani. Lachiwiri ndi la ana a sekondale amene amalemba mayeso a Examinations Council of Zambia pa mabuku a Chinyanja kapena a Chingerezi. Zida zimene iwowa amazukutira sewero kapena nthano yaitali n'zomwezo zimene wozukuta filimu amayambira. Pakati pa magulu onsewa pali ambiri ochokera ku Kanyama, Matero, Chawama, Mtendere, George ndi makomboni ena, kumene kulephera mayeso ndi kulipiranso chaka china ndi katundu amene amalemera banja lonse.

Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti wophunzira wa m'komboni amafika m'kalasi ali kale woonerera waluso, ndi kuti kubwereza kopindulitsa ndi kumene kumayambira pa chimene maso ake aona, kukambidwa m'chilankhulo chimene amaganizira, kenaka n'kufika pa dzina la chiphunzitso. Liwu lakuti theory tilimasulira kuti chiphunzitso. Mawu ena aluso amene alibe Chinyanja chokhazikika tiwasiya monga momwe alili.

2. Anthu amene ankakuwira Jack

Kanema sadabwere dzana m'dziko la Zambia. Pakati pa 1935 ndi 1937 a Bantu Educational Kinema Experiment, motsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, adayenda pa galimoto akuonetsa mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Kuyambira 1948 mpaka 1963 ntchito yotere idali m'manja mwa Central African Film Unit, imene likulu lake lidali ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Ambiri mwa Azungu amene ankayendetsa zimenezi ankakhulupirira kuti munthu wakuda satha kutsata chithunzi choyenda. William Sellers, amene adatsogolera Colonial Film Unit ya ku London kuyambira 1939, ankalangiza kuti filimu yoonetsa Aafirika iziyenda pang'onopang'ono, isamadumphe kuchoka pa malo ena kupita pa ena, ndiponso isakhale ndi matsenga a kamera. Boma la Northern Rhodesia nalo lidali ndi komiti imene inkadula mafilimu a ku America asanaonetsedwe kwa anthu akuda. Ankachotsa malo oonetsa akazi ovala moperewera, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, kuledzera ndi umbanda umene ankati anthu angautengere.

M'mabuku okonzekera mayeso maganizo amenewa ali ndi dzina. Amatchedwa hypodermic needle, kutanthauza kuti uthenga wa pa kanema umalowa m'mutu mwa woonerera monga momwe mankhwala amalowera m'thupi ndi jakisoni, mwini thupi osachitapo kanthu. Wophunzira wa ku Matero sayenera kukafuna chitsanzo cha chiphunzitsochi ku America wa zaka za m'ma 1930. Agogo ake omwe ndiwo ankatetezedwa ndi sizasi ya komiti ija.

Nanga anthuwo ankaonerera motani? Hortense Powdermaker, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo zimene adapeza adazilemba m'buku lake la Copper Town la 1962. Pa bwalo la kanema la ku migodi anthu ankakonda kwambiri mafilimu a makawuboyi, ndipo kawuboyi aliyense wotsogolera nkhani ankamutcha Jack, kaya dzina lake m'filimumo likhale lotani. Sankakhala chete. Ankakuwa, kumuchenjeza Jack, kuyerekeza nkhonya zake, ndi kuweruza khalidwe la Azungu amene ankawaona pa nsalu. Charles Ambler, polemba za nkhani yomweyi mu 2001, adasonyeza kuti ngakhale mafilimuwo adali oduladula, ndipo Chingerezi chake chinkamveka kwa ochepa pakati pa phokoso, oonerera ankatolamo zimene ankafuna n'kuzipatsa matanthauzo ogwirizana ndi moyo wawo. Ankadziwa woipa pongomuona mavalidwe, ankadziwanso nthawi imene ndewu yayandikira. Kudziwa kotero ndiko kumene mayeso amakutcha kuzindikira genre, mtundu wa filimu ndi malamulo ake.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha Stuart Hall chimalowera mosavuta. Hall, wobadwira ku Jamaica mu 1932, adalemba pepala lake la encoding ndi decoding ku Birmingham mu 1973. Tingathe kunena kuti wopanga uthenga amamanga mtolo, woulandira amaumasula, ndipo palibe chitsimikizo chakuti womasula apezamo zimene womanga adafuna. Hall adatchula njira zitatu zolandirira uthenga. Wina amauvomereza wonse monga momwe waperekedwera. Wina amaukana ngakhale waumva bwino lomwe. Wachitatu, amene ali pakati, amachita zimene mayi amachita pa msika wa Soweto: amanenerera. Katunduyo amutenga ndithu, koma osati pa mtengo umene wogulitsa watchula. Wophunzira amene wamva liwu lakuti kunenerera sadzaiwalanso tanthauzo la negotiated reading, chifukwa wakhala akuliona kuyambira ali kumbuyo.

Mwambo wa pa bwalo la ku Luanshya sudafe. Udalowa m'tizipinda toonetsera vidiyo ta m'makomboni, mmene anthu ankalipira pakhomo kuti aonere mafilimu a karate ndi a nkhondo, ndipo pambuyo pake a ku Nigeria, amene adafala atatuluka Living in Bondage mu 1992. Lero udakalipo paliponse pamene anthu asonkhanira mpira wa ku England kapena azungulira foni imodzi. Pamenepa tili ndi dandaulo pa zojambula za m'mabuku a mayeso, zimene zimaika wotumiza uthenga kumanzere, muvi pakati, ndi wolandira mmodzi yekha kumanja. M'komboni wolandira sakhala mmodzi. Tanthauzo limaphikidwa pagulu, mokweza, filimu isanathe, ndipo amene ali ndi pakamwa pakuthwa angathe kutembenuza chipinda chonse kuti chiseke pamene wopanga filimu adafuna misozi. Debra Spitulnik adasonyeza mu 1996 momwe mawu a aulutsi a pa wailesi ya Zambia amatulukira m'wailesimo n'kumazungulira m'makambirano a tsiku ndi tsiku. Ifenso tingaonjeze kuti anthu amene adakula akuyankha kuti tili tonse wokamba nthano akati padangokhala sadaphunzitsidwe kumvera nkhani ali duu. Wophunzira amene angalembe mfundo imeneyi pa mayeso ndiye kuti wachita chimene ochonga amachifuna kwambiri: wayesa chiphunzitso pa umboni, n'kuonetsa pamene chikuperewera.

3. Komboni ndi mayadi

Gawo limene limaopsa ophunzira ambiri ndi la zizindikiro, semiotics, limene lidachokera kwa Ferdinand de Saussure n'kukulitsidwa ndi Roland Barthes. Mfundo yake njakuti chizindikiro chili ndi tanthauzo lapamtunda, denotation, ndi tanthauzo limene anthu adachisenzetsa, connotation. Mu Lusaka palibe chitsanzo choposa liwu lomwe lakuti komboni. Lidachokera ku liwu la Chingerezi lakuti compound, malo amene bwana ankalola antchito ake kumangapo pa famu, pa mgodi wa miyala kapena poumbira njerwa. N'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero ali ndi mayina a eni malo akale, monga George, John Laing ndi John Howard. Limenelo ndilo tanthauzo lapamtunda. Koma munthu akauzidwa kuti wachita zachikomboni, aliyense amadziwa kuti sakukamba za malo. Ndipo liwuli siliyenda lokha, limatsutsana ndi lakuti mayadi, kumene kuli nyumba za mipanda monga ku Kabulonga. Kumeneku ndiko kuwirikiza kwa zinthu zotsutsana kumene Claude Lévi-Strauss ankati nkhani za anthu zimamangidwapo.

Sewero la pa kanema la ku Zambia silifunika kulengeza kuti mpangankhani wakuti ndi wosauka. Limaonetsa mbaula pakhomo, chigubu cha madzi, chitenje chotha, khomo lotsegukira mumsewu. Wolemera amaonetsedwa ndi geti yachitsulo, makiyi a galimoto m'manja ndi mipando yonona. Zonsezi pamodzi, malo, zovala, katundu, kuwala ndi kaimidwe ka anthu, ndizo mise-en-scène. Chilankhulo nacho n'chizindikiro. Amene akuti nifuna ndi manje wadziulula kuti ndi wa m'tauni, amene akuti ndifuna ndi tsopano wamveka ngati wa ku Chipata kapena wa pa guwa, ndipo amene wayankha m'Chingerezi funso lofunsidwa m'Chinyanja wamanga mpanda popanda njerwa. Woonerera wa kunja amene akudalira mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi sangazimve zimenezi. Mwana wa ku Chawama amazimva asanaganize n'komwe.

Barthes, m'buku lake la Mythologies la 1957, adapitirira ponena kuti zizindikiro zikabwerezedwabwerezedwa zimachititsa zinthu zopangidwa ndi anthu kuoneka ngati zachilengedwe. Tiyeni titenge Kanyama. Dzina la komboniyi limamveka kwambiri pa nkhani madzi akasefukira kapena kolera akabuka, monga mu 2017 ndi 2018, pamene boma lidaletsa anthu a kumeneko kuyenda usiku ndipo asilikali adatumizidwa kukachotsa ogulitsa m'misewu ya mzinda, kapenanso mu 2024, pamene sukulu za m'dziko lonse zidatsegulidwa pa 12 February m'malo mwa January chifukwa cha mliri womwewo. Johan Galtung ndi Mari Ruge adafotokoza kale mu 1965 kuti zoipa zimasankhidwa msanga kukhala nkhani kuposa zabwino. Sitikunena kuti atolankhani adanama. Madziwo adalipodi, odwala adagonekedwadi ku bwalo la masewera la Heroes. Funso la wozukuta ndi lakuti: chatsala kunja kwa chithunzi n'chiyani? Kamera imaonetsa mwana akuwoloka chithaphwi. Sionetsa kuti Kanyama ali pa malo a fulati, pamwamba pa thanthwe, pamene madzi a pansi ali pafupi kotero kuti chimbudzi chokumba ndi chitsime zimasinthana madzi. Sionetsanso kuti Lusaka, amene adakhala likulu mu 1935, adakonzedwa popanda malo okwanira a antchito akuda, ndi kuti lamulo lolola makomboni kuvomerezedwa ndi kukonzedwa lidabwera mu 1974. Zimenezi zikachotsedwa, chotsala ndi chithunzi chonena kuti anthu a ku Kanyama ndi auve mwachibadwa. Funso lililonse la mayeso la representation, la momwe gulu la anthu limaimiridwira, lingathe kuyankhidwa ndi chitsanzo chimenechi, ndipo wophunzira wa kumeneko adzaliyankha ndi mtima wonse.

4. Kuzukuta kachigawo ka filimu

Tsopano tifike pa filimu yeniyeni. Tasankha I Am Not a Witch ya 2017, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales. Idajambulidwa ku Zambia, muli Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi, idaonetsedwa ku Cannes chaka chomwecho, ndipo mu 2018 idalandira mphoto ya BAFTA ya filimu yoyamba ya wopanga wake. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kamene kanenezedwa ufiti n'kutumizidwa ku msasa wa amayi okalamba otchedwa mfiti. Amayiwo amakatcha Shula. Mkulu wa boma, Bambo Banda, amaona kuti kamwanaka ndi mgodi wa ndalama. Wophunzira wosakonzeka amathera tsamba lonse pa zimene tanena m'ziganizo zitatuzi, osadziwa kuti wochonga adaonera kale filimuyo.

Taonani chiyambi chake. Alendo okaona malo atsika pa basi kudzaona mfiti. Amayiwo akhala pansi kuseri kwa mpanda, nkhope zopakidwa zoyera, aliyense ali ndi riboni yoyera yaitali yomangidwa kumsana, imene ikuchokera pa chinthu chachikulu chokulungirapo ngati cha ulusi. Alendo akujambula. Pamwamba pa zonsezi pakumveka nyimbo ya Vivaldi, wa ku Italy. Wozukuta ayenera kuyamba ndi funso lakuti kamera yaima mbali iti ya mpanda. Ife oonerera tafika pa basi limodzi ndi alendowo, choncho filimu yatiika m'gulu la odzaona zachilendo tisanasankhe. Laura Mulvey, polemba mu 1975, adafunsa kuti m'filimu woyang'ana ndani, woyang'anidwa ndani. Iye ankakamba za amuna ndi akazi m'mafilimu a Hollywood, koma funso lake likugwira ntchito pano popanda kulikakamiza.

Kachiwiri, nyimboyo amayiwo sakuimva. Ndi ya ife tokha. Mawu amene ampangankhani angathe kumva, monga injini ya basi, ndi a m'kati mwa nkhani, diegetic, ndipo amene aikidwa pamwamba ndi a kunja kwa nkhani, non-diegetic. Kutchula mayinawa kokha sikupatsa malikisi ambiri. Chofunika ndi kunena ntchito yake: nyimbo ya m'maholo a ku Ulaya ikaikidwa pa amayi omangidwa pa fumbi, woonerera amasowa mtendere, sadziwa ngati aseke kapena achite manyazi, ndipo kusowa mtendereko ndiko filimu yonse ikufuna.

Riboni ndiyo mtima wa filimuyi. Nyoni adakhalako pa msasa weniweni wa anthu onenezedwa ufiti ku Ghana pokonzekera ntchito yake, koma maliboniwo ndi chinthu chimene adapeka yekha. Pamtunda ndi kansalu chabe, kamene mwana angadule ndi mano. Akulu a boma m'filimumo amati kamaletsa mfiti kuuluka. Shula amauzidwa kuti akakadula asanduka mbuzi. Choncho chimene chammanga si nsaluyo ayi, koma mantha ndi chikhulupiriro cha anthu omuzungulira. Pamene tikuona kuti mkazi wa Bambo Banda, amene amakhala m'nyumba yabwino ndi kuvala zamtengo, nayenso ali ndi riboni yake, chizindikirocho chimakula. Sichikukambanso za ufiti wokha, chikukamba za utali wa chingwe chimene mkazi aliyense amaloledwa. Kwa ife mayankho abwino pa filimuyi ndi amene amatsata riboni kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osati amene amayesa kukhudza chilichonse.

Palinso kachigawo kamene kamaphunzitsa za nyumba zofalitsa nkhani mwachindunji. Bambo Banda apita ndi Shula pa pulogalamu ya pa kanema, atamuveka zochititsa chidwi, kuti akatsatse mazira amene akuti ali ndi mphamvu zake. Funso likabwera lakuti mwina ameneyu ndi mwana chabe, mkuluyo amasowa chonena, ndipo kamera imakhazikika pa nkhope ya mtsikanayo. Iye sanena kanthu. Tanthauzo la nkhopeyo timalipanga ndife, kuchokera pa zimene taona isanafike. Lev Kuleshov wa ku Russia adasonyeza zimenezi cha m'ma 1920, pamene adalumikiza nkhope imodzimodzi ya mwamuna ndi mbale ya chakudya, ndi bokosi la maliro, ndi mkazi, ndipo oonerera adaona njala, chisoni ndi chikondi pa nkhope imene sidasinthe. Wophunzira amene ali ndi foni angathe kuyesa zimenezi madzulo amodzi ndi nkhope ya mbale wake, ndipo sadzafunikanso kuloweza tanthauzo la montage.

5. Propp, Todorov ndi Kalulu

Pa kamangidwe ka nkhani mabuku amatchula anthu awiri. Vladimir Propp, mu 1928, adazukuta nthano 100 za ku Russia n'kupeza zochitika 31 zimene zimabwerabwera, ndi maudindo 7 a ampangankhani, monga ngwazi, mdani, wothandiza ndi wopereka mphatso. Tzvetan Todorov adati nkhani imayamba pa bata, batalo limasokonezeka, ndipo pamapeto pamabwera bata latsopano. Ziphunzitso ziwirizi n'zosavuta kuloweza, n'chifukwa chake zimagwiritsidwa ntchito molakwika kuposa zina zonse. Wophunzira amatenga maudindo 7 aja ngati mabokosi, n'kumakankhiramo aliyense amene wampeza.

Mankhwala ake ndi nthano zathu. M'nthano ya chitsime, Kalulu akana kukumba nawo, kenaka anyenga alonda ndi uchi n'kumatunga madzi, mpaka Kamba amgwira. Ngwazi ndani pamenepa? Amene timamtsata ndi kumsekerera ndi Kalulu, koma wakuba ndi yemweyo. Propp sadalakwe, pakuti iye ankafotokoza nthano za kwawo za mtundu umodzi. Wolakwa ndi amene akufuna kuti Kalulu avale malaya a mwana wa mfumu wa ku Russia. Chimodzimodzi Bambo Banda: ndi mdani, komanso ndiye wopereka zovala, chakudya ndi ulemu. Kunena kuti wagwira maudindo awiri otsutsana, ndi kuti mphamvu yake ili pomwepo, ndi yankho loposa kumuika m'bokosi limodzi.

Nayenso Todorov amapunthwa pa nthano ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene mvula idampeza asanafike pakhomo. Palibe bata latsopano pamenepo, pali chisoni chokha. I Am Not a Witch imatha mofananako. Shula, amene ankakakamizidwa kugwetsa mvula, abwezedwa kwa amayi aja ali mtembo wokulungidwa, ndipo pamene iwo akulira mvula iyamba kugwa. Chotsiriza chimene tikuona ndi maliboni akuuluzika ndi mphepo popanda omangidwa. Sitikunena kuti Nyoni ankaganiza za Kamdothi. Tikungoti woonerera amene adakula ndi nthano imeneyi ali ndi khutu lomvera mathero otere, mmene mvula imene onse ankaifuna ifika limodzi ndi imfa ya mwana. Masewero opitirira a pa kanema, monga Kabanana wakale uja wa pa ZNBC kapena Mpali wa pa Zambezi Magic, amakana Todorov mwa njira ina: gawo lililonse limathera pa chisokonezo, chifukwa bata likabwera woonerera sabweranso mawa, ndipo otsatsa malonda amachoka naye. Apa kamangidwe ka nkhani kakumana ndi ndalama.

6. Kabwerezedwe kake

Ousmane Sembène wa ku Senegal ankati kanema ndi sukulu ya madzulo ya anthu. Koma madzulo a m'komboni ali ndi zovuta zake. M'chipinda chimodzi mumagona anthu ambiri, intaneti ndi yogula, ndipo m'chaka cha chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku. Njira iliyonse yobwereza imene ikufuna kuonera mafilimu athunthu usiku uliwonse ndi ya kumayadi. Mwamwayi, kuzukuta sikufuna filimu yonse. Kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu, kosungidwa m'foni imodzi, n'kokwanira gulu la anthu anayi kwa madzulo onse.

Timalangiza kuti kachigawoko kaonedwe koyamba mawu atatsekedwa, aliyense n'kunena zimene waona, osati zimene akuganiza. Kenaka foni itembenuzidwe chafufumimba, gulu limvere ndi makutu okha. Gawo lachiwirili ophunzira amalipeputsa, chonsecho ndi limene Achinyanja ali nalo ndi cholowa chachikulu. Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo pa Radio Zambia, imene Ernst Wendland adaizukuta mwakuya, ankamanga mudzi wathunthu ndi liwu lake lokha, akusintha mawu a ampangankhani ndi kujambula zochitika ndi mawu ngati phwii ndi gubudu. Pomaliza kachigawoko kaonedwe ndi zonse ziwiri. Apo ndi pamene funso la chiphunzitso liyenera kufunsidwa, ndipo nthawi zina yankho loona ndi lakuti palibe chiphunzitso chimene chikukwana bwino, chinthu chimene n'chololedwa kulemba ngati pali umboni. Ndime ya pa mayeso itsate njira yomweyo: chimene chaoneka kapena kumveka, ntchito imene chikugwira pa woonerera, ndipo dzina la katswiri pambuyo.

Kukambirana konseku kuchitike m'Chinyanja cha pakhomo, ngakhale pepala la mayeso lidzafuna Chingerezi. Tikudziwa kuti aphunzitsi ena amaopa kuti zimenezi zichedwetsa wophunzira kuzolowera mawu aluso. Ife tikuona kuti munthu amene sangathe kufotokozera mnzake wa ku Mtendere chifukwa chimene kamera yakhalira pa nkhope ya Shula sadzathanso kufotokozera wochonga m'Chingerezi, angokhala ndi mawu aakulu obisira kusadziwako. Pa mbali ya nkhani zida zilipo kale. Aphunzitsi a Chichewa ku Malawi adakhazikitsa mawu monga mpangankhani, tsatanetsatane wa nkhani ndi pampondachimera, ndipo amagwira ntchito pa filimu monga momwe amagwirira pa buku.

Pa mbali ya kamera mawu okhazikika ndi osowa, ndipo imeneyi ndi ntchito imene madipatimenti a zilankhulo ku Lusaka ndi ku Zomba akadagwirira limodzi. Asanayambe kupeka mayina, akadayamba aona momwe chilankhulochi chimanenera zinthu zotere chikasiyidwa chokha. Chingerezi chimapereka dzina: close-up, high angle, tracking shot. Mnyanja amapereka mneni. Amati kamera yamuyandikira mpaka m'maso, yamuyang'anira pansi, ikumutsata pambuyo. Mawu akuti yamuyang'anira pansi anena kale zinthu ziwiri pa kamodzi, pamene kamera yaima ndi momwe munthuyo wachepetsedwera, pamene wolemba high angle afunika chiganizo china kuti afike pa tanthauzo lachiwirilo.